Alamu Athu a ku Georgetown

Mwezi uno patha chaka chiwaikireni m'manda alamu athu a Hubert. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Edmonton, dera lathu kuno ku London, mwana wawo Desmond anandikokera pambali n'kunena kuti, "Anti, pa mwambo wokumbukira Dadi mudzanenepo mawu pang'ono." Ndinavomera ndi mutu, koma nditafika kunyumba ndinaona kuti m'Chingerezi sindingathe. M'Chingerezi ndidzangoti anali munthu wabwino, wokonda anthu, kenako tiimbe nyimbo, tidye mpunga, tibalalike. Nanga zoti bambo aja anatha zaka zawo zomaliza ataima pa chitseko chokiya, akupempha kuti wina awatsegulire, ndingazinene bwanji mwana wawo ali pomwepo? Ndiye ndikuzilemba pano m'chinenero chathu, chimene iwo ankachiphwanya mopanda chisoni koma osachisiya.

A Hubert sanali Mmalawi. Anabadwira ku Georgetown, likulu la dziko la Guyana ku South America, ndipo anabwera kuno ku London ali mnyamata, dziko lawo lisanalandire ufulu. Anagwira ntchito m'mabasi mpaka kupuma. Ulamu unabwera chifukwa cha akazi awo, malemu achemwali a Esnart, namwino wa ku Ntcheu amene anatilandira ambirife titangofika kuno tikunjenjemera m'majuzi a pa kaunjika. A Esnart ankanditcha mng'ono wawo ngakhale panalibe chibale, ndiye amuna awo anakhala alamu anga, kenako alamu a mpingo wonse. Anali aatali, owonda, oyenda mowongoka, ndipo chipewa sichinkachoka kumutu. Pamaliro a Mmalawi aliyense ankakhala oyamba kufika, kunyamula mipando, n'kukhala pakona osamva theka la zimene zikunenedwa. Chichewa chawo chinali cha moni, cha chakudya ndi chokalipira. Zina zonse tinkakambirana m'Chingerezi, ndipo zambiri zimene ndikuwayankhulitsa panozi ndazitembenuza ndine.

Chimene ankadziwika nacho mumsewu mwawo ndi madreni, tizitsulo ta mipatamipata tija ta m'mphepete mwa msewu momwe madzi a mvula amalowera. Kumwamba kukangoti bii, a Hubert ankavala jombo za mphira ndi chikhoti chachikasu chimene anatsala nacho ku ntchito, n'kutenga reki ndi ndowa. Ankayambira dreni la pakhomo pawo n'kumatsika nawo msewu, kuchotsa masamba, mapepala a tchipisi, zotsalira za ndudu, nthawi zina ngakhale matewera. Za m'ndowazo ankakathira m'bini yawo. Anachita zimenezi zaka zonse zimene ndinawadziwa, ndipo a Esnart anali atatopa kalekale kuwaletsa.

Ine ndinayesako. Tsiku lina ndikutsika basi ndinawapeza atagwada pa dreni la pafupi ndi siteji, dzanja lili m'matope mpaka m'chigongono, ana a sukulu akudutsa akuseka. Manyazi anandigwira, mtima n'kupsa.

"Alamu, dzukani apo. Kodi a khonsolo mumawalipirira chiyani? Anthu aziti bambo awa achibale awo ali kuti?"

"Mlamu, a khonsolo abwera Lachinayi. Mvula ikubwera masana ano. Pitani mukaiuze idikire."

"Ndiye mudwale chifukwa cha msewu wa eni ake?"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana ngati ndatukwana. "Eni ake ndani? Ine ndimagona pano."

Anamaliza dreni lawolo osafulumira, ine nditaima pambali ngati chitsiru nditanyamula ndowa. Kenako ananditengera kunyumba, a Esnart anatereka tiyi akuseka chamumtima, ndipo tsiku limenelo ndi limene ndinamva koyamba za Georgetown. Ndinadzazimvanso kambirimbiri, moti lero ndikhoza kuyendetsa alendo mumzindamo ndisanapondemo n'kamodzi komwe.

Mzinda wawo, ankatero, unamangidwa pamalo pamene munthu wanzeru sakanamanga ngakhale khola la nkhumba. Ndi pamatope, pamene mtsinje wa Demerara umathira m'nyanja yamchere, ndipo nyanjayo ikadzaza imakhala pamwamba kuposa misewu. Azungu anapafuna chifukwa cha minda ndi doko la zombo. Analandana kangapo, Adatchi, Afalansa, Angerezi, aliyense akalanda n'kupereka dzina lake. Adatchi ankati Stabroek, dzina limene linatsalira pa msika waukulu wokhala ndi wotchi pamwamba. Angerezi atapambana anautcha dzina la mfumu yawo. Poyamba kanali kamzere chabe ka nyumba m'mbali mwa msewu umodzi umene anauyala njerwa kuti anthu asamire m'thope. Kenako tauni inayamba kudya minda yoizungulira, umodziumodzi. Munda ukagulitsidwa ankaudula mapuloti, ngalande zake n'kukhala malire a misewu, dzina la mundawo n'kusanduka dzina la dera. Ndinkawafunsa kuti bwanji pa zithunzi misewu yake ili yowongoka chonchi, iwo n'kuyankha kuti mlimi aliyense angaizindikire, ndi mizere ya m'munda imene anaithira phula.

Akafika pamenepa mawu ankatsika. Ngalande zonsezo, ankati, anakumba ndi akapolo ochokera ku Africa, ndi mafosholo, ataima m'madzi mpaka m'chiuno. "Makolo anga amenewo, mlamu. Mwinanso ndi anu, akudziwa ndani? Madera ankatchedwa maina a minda ndi a eni minda. Ine ndikukula, wokumba analibe ngakhale kanjira kotchedwa dzina lake." Ukapolo utatha anthu anakhamukira m'tauni. Kunabweranso Amwenye, Apwitikizi ndi Matchaina, kunakhala khonsolo ndi meya, anamanga khoma lalitali lotchinga nyanja, ndiponso nyumba za matabwa zokhala pa mizati kuti madzi azidutsa pansi. Moto unkabwera n'kupsereza matabwawo, anthu n'kumanganso. Iwo ali kamwana anaona pakati pa tauni pakuyaka, phulusa likugwera pa zovala zimene mayi awo anayanika. Ngalande zina akuluakulu anazikwirira n'kudzalapo mitengo kuti anthu aziyenda pamthunzi, ndipo a Hubert ankavomera kuti misewu imeneyo inali yokongola, koma ankavomera atakwinya nkhope. Chimene ankachikamba akumwetulira ndi khoma la kunyanja lija, kumene mabanja ankapita madzulo kukapitidwa mphepo, ndipo pa Pasaka ana onse a mumzinda ankaulutsirako makaiti.

Bambo awo a Hubert ankagwira ntchito yoyang'anira koka. Koka ndi chitseko chachikulu cha matabwa chimene chimakhala kumapeto kwa ngalande, pamene madzi a m'tauni amatulukira kupita mumtsinje. Nyanja yamchere imadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku. Ikaphwa amakweza chitsekocho ndi tcheni, madzi a mumzinda n'kutuluka. Nyanja ikayamba kubwerera amachitsitsa msanga, apo ayi madzi amchere alowa mpaka m'makhitchini. Kunyumba kwawo chakudya, tulo, ngakhale tchalitchi, zinkayendera nyanja osati wotchi. Ndipo mvula ikagwa nyanja ili yodzaza palibe chochita. Chitseko n'chotseka, madzi akukwera m'mabwalo, mzinda wonse umangodikira. Pamenepo chimene chimakupulumutsa ndi ngalande ya pakhomo pako. Ikakhala yolambula isunga madziwo mpaka koka itsegulidwe, ikakhala yodzaza zinyalala madzi alowa kwa iwe ndi kwa mnzako yemwe. Ndiye khomo lililonse linkalambula ngalande ya kutsogolo kwake osadikira kuuzidwa. Kwa a Hubert, munthu wodutsa pa dreni lotsekeka manja ali m'thumba sanali mwini mzinda koma mlendo, ngakhale atabadwira momwemo. Bambo awowo anali ndi lamulo limodzi limene ana onse ankalidziwa: wotsegula koka sachokapo mpaka atatseka yekha, kapena atasiyira mnzake m'manja. Kaya mwana wadwala, kaya nyumba ikupsa, uima pomwepo.

Ndi mutu umenewu ankakangana ndi aliyense. A Esnart anafuna kuthira simenti kabwalo ka kutsogolo kwa nyumba kuti aziimikapo galimoto, monga anachitira anzawo onse mumsewumo. A Hubert anakana kwamtuwagalu, amvekere madzi azipita kuti. Mkangano umenewo unatha zaka, ndipo a Esnart ataona kuti sapambana anadzalapo mpiru ndi maungu, ife n'kumadyera nawo nkhwani ku London. Azibambo a mpingo akamaonetsana pa foni nyumba zimene akumanga kumudzi, a Hubert sankafunsa za zipinda kapena matailosi. Ankafunsa kuti pulotiyo yapendekera kuti, ndipo akamva kuti ili m'dambo ankamulalikira munthuyo mpaka chakudya kuzizira. London yemwe sankamusiya. Ankati mzinda uno unakwirira timitsinje take pansi pa misewu n'kuiwala kuti tilipo, ndipo tsiku lina tidzabwera kudzapereka moni.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wokonda kwawo chonchi sanabwerereko. Ku Malawi anapitako ndi a Esnart, n'kubwerako akutiseka kuti Lilongwe ndi mzinda wamwayi, madzi amadzichokera okha. Ndinawauza kuti adzapiteko mu Januwale adzaone mwayi wakewo. Koma za kwawo ankangoti chaka chamawa. Mayi awo atamwalira, nyumba ya pa mizati ija inagulitsidwa, pamalopo n'kumangapo sitolo ya konkire. Asuweni awo akaimba foni kunena kuti mzinda wakula, kwapezeka mafuta, mahotela akungomera, iwo ankangofunsa za ngalande. Akamva kuti ina yakwiriridwa, ina yadzaza mabotolo, ankakalipa ngati wataya mabotolowo ndi msuweniyo. Ine ndimaganiza kuti ankaopa kukapeza kuti mzinda umene ankaunyamula m'mutu kulibenso. Ndinawauza zimenezi pamaso, poti pakamwa panga sipachedwa, ndipo anandinyanyalira mpaka Khirisimasi.

Ndikawakumbukira masiku ano, si mumsewu muja mmene ndimawaona. Ndimawaona ku nyumba yosungirako okalamba kumene anakathera, imene ife timangoti ku keya. Inali nyumba yaukhondo, yofunda, ya antchito aulemu, ndipo sindikuinenera zoipa. Inenso ndimagwira keya kwina, ndikudziwa mmene zimakhalira. Chipinda chawo chinali mbali ya anthu oiwalaiwala, ndipo chitseko cha mbali imeneyo chimatseguka ukadina manambala. Kukakhala dzuwa a Hubert ankakhala phee pampando, kuwerenga nyuzipepala, kuseka ndi anzawo. Mitambo ikangosonkhana ankavala chikhoti n'kukaima pa chitseko chija. Sankamenya, sankakuwa. Aliyense wodutsa ankamuuza mwaulemu kuti akungofuna kukaona madreni, abwera posachedwa.

Vuto lonse linali pamenepa. A pa keyapo ankalola kuwatulutsa kukakhala kouma, kaya kumunda wa maluwa, kaya ku paki, ngakhale ku tchalitchi tikawatenga. Koma kunja kouma iwo analibe nako ntchito. Ankafuna kutuluka mvula ikamagwa, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene lamulo linkati asatuluke.

Pamenepo pankagwira ntchito Amake Taonga, mayi wa ku Chipata, amene tinazolowerana naye chifukwa cha chinenero. Ankandiuza m'Chinyanja chawo cha m'tauni kuti, "Amai, ba Hubert bamanimvesa chifundo. Manje ningachite bwanji? Nikabasegulila, nchito yasila."

Choipa kwambiri n'chakuti a Hubert ankadziwa kuti manambalawo ndikuwadziwa. Munthu wa keya akangoona chala cha mnzake kamodzi, wagwira.

"Mlamu, inu manambala muli nawo. Ndinakuonani mukuyang'ana."

"Alamu, sindingathe."

"Simungathe, kapena simukufuna?"

Tsiku la mvula ndikafuna kubwerera kwathu, Amake Taonga ankawaitanira ku tiyi, ine n'kutuluka mozemba ngati wakuba. Ndinkafika pa siteji ndi mkwiyo umene sindinkadziwa kuti ndiutulire ndani.

Kuti afike pa chitseko chimenecho zinayamba a Esnart atamwalira. Anayamba kuiwala ketulo pamoto, kubwera ku tchalitchi Loweruka atavala suti, nthawi zina kunditchula dzina la akazi awo. Azimayi a mpingo tinkasinthana kuwapititsira chakudya, ndipo tinkati ndi ukalamba chabe wosakanikirana ndi chisoni. Madreni okha sanawaiwalepo.

Ndiye m'nyengo ina yotentha, masana, kunagwa chimvula chija chimene chimagwa ngati wina akukhuthula ndowa. Ndinali nditangoweruka shifiti ya m'mawa pamene mayi woyandikana nawo nyumba anandiimbira kuti ndithamange, a Hubert ali pakati pa msewu waukulu ndi apolisi. Basi imene ndinakwera inaima panjira chifukwa cha madzi. Ndinatsika n'kuuyamba wapansi, ndili m'yunifolomu.

Pamene msewu wawo umakumana ndi msewu waukulu ndi potsika. Madzi anali atadzaza pamenepo mpaka m'mawondo, akulowa m'sitolo ya bambo wina wogulitsa masamba. A Hubert anali atalambula madreni onse a mumsewu mwawo, n'kuwatsatira madziwo mpaka pamenepo. Ataona kuti reki siikuthandiza, anakatenga chitsulo chozulira misomali n'kutukula chivundikiro chonse cha dreni. Madzi anayamba kulowa mozungulira, ndi phokoso. Koma tsopano pamsewu panali dzenje losaoneka, loti mwana kapena wanjinga akhoza kugweramo. Ndiye anaima pomwepo, reki ili m'mwamba, akulozera magalimoto kuti alambalale.

Mmene ndinkafika anali ataima nthawi yaitali. Milomo inali itatuwa, thupi lonse likunjenjemera. Apolisi awiri, mwamuna ndi mkazi, ankawanyengerera kuti akwere ambulansi. Wamwamunayo atawagwira mkono, a Hubert anamukankha. Sikunali kukankha kwamphamvu, koma anamukankha ndithu, ndipo anthu amene anabisala pakhonde la sitolo anajambula pa mafoni.

"Bambo, mukudikira chiyani?" anafunsa wapolisi wamkaziyo.

"Madzi aphwe, nditseke."

"Ife titseka."

"Simunatsegule ndinu."

Ndinalowa m'madzimo. Anali ozizira, onunkha, ndipo nsapato yanga imodzi inatsalira momwemo.

"Alamu, ndine. Tiyeni mukafunde, mwazizidwa."

"Mlamu, ndatsegula. Sindingachoke."

Apa ndi pamene tiyi yense uja ndinamwa ndikumvera za koka anandithandiza. Ndinati, "Ndisiyireni ine. Ndiima pano mpaka nditatseka."

Anandiyang'anitsitsa, madzi akuyenderera m'mphepete mwa chipewa. "Simuchoka?"

"Sindichoka."

"Ngakhale akuuzeni awa?"

"Ngakhale andimange."

Anandipatsa reki ija ndi manja awiri, mmene a Esnart anawaphunzitsira kupereka chinthu mwaulemu, n'kuyenda okha kupita ku ambulansi. Apolisi, atatopa nafe, anaimika galimoto yawo kutsogolo kwanga n'kundisiya. Ndinaima pa dzenje lija, mayi wamkulumkulu wa nsapato imodzi, ndikulozera mabasi, mpaka madzi anatsika ndipo wapolisi wokankhidwa uja anandithandiza kubwezera chitsulo. Ankandiyang'ana ngati misalayi ndi ya banja lonse.

Kuchipatala anawapeza ndi chibayo. Atafunsidwa kuti ankatani pamsewu, anayankha kuti ankadikira nyanja iphwe, ndipo madokotala analemba zawo. Kodi anali atasokonezeka? Mpaka lero sindikudziwa. Nditapita kukawaona, funso lawo loyamba linali lakuti kodi ndinatseka. Ndinati eya. Ananditchulira dzina la msewu, mabasi amene amadutsa pamenepo, zonse molondola, n'kuseka kuti akudziwa bwino lomwe kuti ku Edmonton kulibe nyanja. Mtima wanga unakhala pansi. Kenako anandipempha kuti ndikauze a Esnart asadandaule, atuluka mawa.

Asanatuluke kunachitika msonkhano. Tinalipo atatu: Desmond, mayi wa boma woona za okalamba, ndi ine. Desmond ndi mwana wabwino, ndisaname. Amakhala ku Wembley m'kanyumba kopanikiza ndi mkazi ndi ana, ndipo anali ataonera kanema wa bambo ake akukankha wapolisi, amene anali atazungulira kale m'mafoni. Mayi uja anafunsa kuti ine ndine ndani wawo. Ndinati mlamu. Desmond anafotokoza kuti ndine mnzawo wa malemu mayi ake, wa ku tchalitchi. Kuyambira pamenepo mayiyo ankandimwetulira bwinobwino, koma mafunso ankafunsa Desmond.

Ndinayankhulabe. Ndinati bambowa si amisala, kwawo amatero, ngalande ya pakhomo ndi udindo wa mwini khomo. Ndinati azimayi a mpingo tizisinthana kuwayang'anira kunyumba kwawo komweko.

Desmond anandiyankha mofatsa, maso ali ofiira. "Anti, mvula ikadzagwa nonse muli pa shifiti, adzawagwire ndani? Mukufuna ndidzawapeze m'dzenje?"

Ndinafuna kumukalipira, koma ankanena zoona. Tonsefe timagwira keya. Tsiku lonse timasambitsa makolo a anthu ena, ndipo mvula ya kuno siyang'ana kuti ndani ali pa ofu. Nkhani inathera pomwepo. A Hubert sanapondenso pakhomo pawo. Anachoka kuchipatala molunjika ku keya.

Kuyambira pamenepo ndinkapempha chinthu chimodzi chokha. Tsiku limodzi la mvula, ine ndi Desmond tiwagwire uku ndi uku, akaone dreni la pageti la pa keya pomwepo, achotse masamba angapo, tibwerere. A manijala ankati afunse kaye dokotala. Dokotala ankati chifuwa chawo n'chofooka, tidikire kutenthe. Kukatentha Desmond ankati tidikire achire chimfine. Aliyense ankawafunira zabwino, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandipsetsa mtima koposa, chifukwa panalibe woti ndimutukwane. Nyengo zinkasinthana, iwo ali chiimire. Amake Taonga anawaikira mpando pafupi ndi chitseko koma anaukana, amvekere munthu woti akutuluka sakhala pansi. Miyendo ikatopa ankangotsamira khoma.

Chilolezo chinabwera mochedwa, ndipo anachikakamiza ndi Desmond yemweyo. Loweruka lina anabwera kudzawaona kukugwa mvula, n'kukhala nawo masana onse pa chitseko paja, bambo ake akumupempha mwaulemu ngati akupempha mlendo. Madzulo ake anandiimbira n'kuti, "Anti, munkanena zoona. Tiwatulutse." Tinagwirizana kuti mvula yoyamba imene idzagwe tonse tili omasuka, tidzapite.

Inagwa Lamulungu lina masana, yowaza bwino, yopanda mphepo. Ndinatuluka m'tchalitchi ulaliki uli mkati, ndinadzera kunyumba kukatenga ambulera yaikulu ndi reki yawo ija, imene inali idakali kwa ine. Desmond anabwera ndi jombo zatsopano. M'basi ndinkangomwetulira ndekha, anthu akuyang'ana mayi wovala zakutchalitchi atanyamula reki.

Tinawapeza ali pampando m'chipinda chochezera, atafunda bulangeti m'miyendo, wailesi yakanema ikulira. Mvula inkamveka bwinobwino pa mawindo. Amake Taonga anandinong'oneza kuti papita masabata angapo asakuimanso pa chitseko. Sindinafune kumva. Tinawaveka chikhoti ndi jombo, iwo akungotilola. Tinayenda nawo pang'onopang'ono mpaka pa chitseko. Amake Taonga anadina manambala, chinatseguka, Desmond n'kukankha chakunja. Kamphepo kanalowa ndi fungo la msewu wonyowa.

"Alamu, tiyeni. Mvula ikugwa. Dreni la pageti ladzaza masamba."

Ndinawaikira reki m'manja. Anaiyang'ana, anayang'ana kunja, n'kundibwezera.

"Kukuzizira, mayi," anatero m'Chichewa chawo chija. "Tsekani."

Sananene kuti mlamu. Desmond anagwada pamaso pawo n'kuyamba kuwauza za Georgetown, za koka, za agogo ake, za makaiti a pa khoma la kunyanja, nkhani zimene ali mwana ankathawa patebulo kuti asazimve. Ndinadabwa kuti anazisunga zonse. A Hubert anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati tiyi wafika. Tinatseka chitseko. Ine ndinakalirira m'galimoto ya Desmond, kulira kwa mkwiyo, iye atagwira chiwongolero osaliza injini. A Hubert anamwalira nyengo yozizira ya chaka chimenecho isanathe, ndipo tinawaika pafupi ndi a Esnart.

Sabata yatha ndinapita ku keya kuja kukaitanira Amake Taonga ku mwambo wa chikumbutso. Chitseko ndi chomwe chija, manambala okha ndi amene anasintha. Mpando uja anauchotsa, ndipo pakona pamene a Hubert ankaima aikapo kabati ya magolovesi ndi mankhwala osamba m'manja. Koma khomalo sanalipake penti. Pamwamba pa kabatiyo, pa msinkhu wa phewa la munthu wamtali, pali banga lakuda, losalala, lalikulu ngati chikhatho, pamene chikhoti chinkakhula. Antchito amadutsa ndi mathireyi osaliona.

Kunja kunkawaza. Amake Taonga anandiperekeza, anadina manambala, koma asanakankhe chitseko anacheukira pakona paja n'kutchinga mpata ndi thupi lake. Atazindikira zimene wachita anapukusa mutu.

"Iyi nchito, amai. Mvula ikayamba nikali kuchinga. Nichinga ndani manje?"

Anatsegula chitseko chonse, n'kuchigwira nthawi yaitali ine nditadutsa kale.